Panelo Yomwe Inafulatira Mfumu

Mu ufumu wa Thimathima magetsi ankayaka Lachiwiri. Si Lachiwiri lililonse ayi, koma akati ayake, kawirikawiri linkakhala tsiku limenelo, ndipo anthu ankauzana pamsewu mosangalala kuti, "Abwera aja." Masiku enawo mababu ankangolendewera kudenga, akangaude n'kumangapo nyumba zawo.

Anthu anadandaula zaka khumi ndi ziwiri osamveka. Madandaulowo anafika m'makutu a Mfumu Ndinendekha Wachinayi tsiku limene jenereta ya kunyumba yachifumu inafa zakumwa zisanazizire. Madzulo omwewo Mfumu inalengeza kuti mtundu wake wavutika mokwanira, ndipo inatuma komiti kukafufuza. Komitiyo inabwerako patatha miyezi isanu ndi inayi, aliyense atanenepa, ndipo Nduna ya Kuwala, Olemekezeka Vomerezani, inaimirira m'bwalo kupereka lipoti.

"Mwinidziko," inatero ndunayo, "komiti yanu itayenda maiko asanu ndi awiri, yapeza kuti dzuwa lilipo konkuno kwathu. Limatuluka tsiku ndi tsiku, ndipo silifuna alawansi."

Nduna zinzake zinang'ung'udza pomva mawu omalizawo, koma Mfumu inakondwa. Pompo panabadwa Lamulo la Dzuwa. Aliyense woika sola panyumba pake azilipira theka la mtengo, theka linalo thumba lachifumu lizipereka kwa woikayo, malinga ngati woikayo ali wovomerezeka ndi unduna.

Zikanathera pomwepo, nkhani ino sikanakhalapo. Koma Nduna ya Mwambo, imene inali itagona kuyambira m'mawa, inadzidzimuka n'kukweza mkono.

"Pepani Mwinidziko. Panelo ya sola ndinaiona. Ili ndi nkhope, ilinso ndi msana. Kodi msanawo uloza kuti?"

Ku Thimathima palibe chofulatira Mfumu. Munthu wochoka pamaso pake amayenda chobwerera m'mbuyo mpaka pageti. Makomo a nyumba zonse za mu mzinda wa Lonjezani amayang'ana kunyumba yachifumu, ngakhale ena mwa iwo amatsegukira m'ngalande. Ndiye nduna zinakambirana za msana wa panelo masiku atatu, zikudya nkhuku, ndipo zinawonjezera ndime ziwiri. Yoyamba inati panelo iliyonse iyang'ane kunyumba yachifumu. Yachiwiri inati isagone chagada ngati munthu wokhuta pamaso pa Mfumu, koma iimirire.

Palibe amene anafunsa dzuwa maganizo ake. Dzuwa la ku Thimathima, makamaka nyengo yozizira, limayenda mopendekera kumpoto. Nduna zonse zimakhala ku Khutani, kummwera kwa nyumba yachifumu, choncho mapanelo awo poyang'ana Mfumu ankayang'ananso kumpoto, ndipo mafiriji awo anayamba kuuma madzi. Anthu wamba ambiri amakhala ku Zolowerani, kumpoto kwa nyumba yachifumu. Awo mapanelo poyang'ana Mfumu ankapatsa dzuwa nkhongo. Unduna utaona kusiyanaku unalemba kuti dzuwa limadziwa anthu okhulupirika.

Ku Zolowerani komweko kunkakhala Mai Gwedeza, mayi wamasiye amene anachapa nsalu za odwala pachipatala china zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, mpaka zala zake zinapindika. Atapuma pantchito analandira ndalama zake kamodzi kokha, monga zimakhalira, ndipo anagula makina ofungatira mazira mazana atatu. Ankafuna aziswetsa anapiye n'kumagulitsa, kuti asadzakhale wopempha kwa ana a abale ake. Koma makinawo amafuna moto wosaduka masiku makumi awiri ndi limodzi, ndipo dzira silidziwa za Lachiwiri. Ndalama ya ku Thimathima imatchedwa dikira. Mai Gwedeza anatsala ndi madikira 600,000, oti agulire sola ndi mazira omwe. Kupitirira apo kunalibenso kanthu.

Anayambira kumene lamulo linkaloza. Makampani ovomerezeka analipo anayi, ndipo onse anayi ankakhala mu ofesi imodzi pafupi ndi msika wa Tsitsaniko, pansi pa chikwangwani cha Dzuwa Lathu Tonse. Mwini wake anali Bwana Mthirakuwiri, mlamu wake wa Nduna ya Kuwala, ngakhale zimenezi zinangochitika mwangozi, monga momwe wailesi inafotokozera kangapo.

"Khalani pansi mayi, mwafika pamalo pake," anatero Bwana Mthirakuwiri. "Zonse pamodzi ndi 800,000. Koma inu musadere nkhawa, mulipira theka lokha."

"Chaka chatha ndinafunsa pompano," anatero Mai Gwedeza. "Munati 400,000."

"Eya, imeneyo inali mitengo ya lamulo lisanabwere. Nthawi imeneyo mukanalipira zonse nokha. Lero mukulipira theka. Mwauona mwayiwo?"

Mai Gwedeza anawerenga ndi zala zawo zopindikazo.

"Ndauona, bwana. Nanga batire lake lisunga moto maola angati dzuwa likalowa?"

"Funso limenelo ndi la akatswiri, mayi."

"Katswiriyo ali kuti?"

"Ali ku semina."

"Nanga zikawonongeka ndiitana ndani?"

"Zathu siziwonongeka. Chitsegulire ofesi ino palibe munthu amene anabwera kudzadandaula kawiri."

Mayiwo anathokoza n'kutuluka. Safunsa anadya phula, ndipo iwo phula anali atadyapo kale pa moyo wawo, ndiye anaganiza zokafunsa munthu amene anaikitsa kale. Kumsika aliyense anawalozera kwa a Bizaliyele, wometa tsitsi, amene anali woyamba ku Zolowerani kulandira thandizo lachifumu ndipo chithunzi chake chinatuluka m'nyuzipepala.

Anapeza amuna anayi atakhala pabenchi panja pa kanyumba kometerako, aliyense atametedwa mbali imodzi. Ankadikira kuti batire lidzuke. Mmodzi anali atabwera dzulo lake.

"A Bizaliyele, sola yanuyi ikuyenda bwanji?"

"Amayi, panelo yanga ndi yaulemu kwambiri," anayankha wometayo akupukuta makina ake ndi nsanza. "Chiiikireni sinayang'anepo dzuwa m'maso. Imandipatsa mitu iwiri ndi theka patsiku. Thekalo ndi amene mukuwaonawa."

"Simunakadandaule?"

"Ndinapita kamodzi. Anandifunsa ngati ndikunena kuti Mfumu siwala mokwanira. Ndinati ayi, ndangodutsa kudzapereka moni."

Mmodzi mwa amuna a pabenchi aja anawauza kuti ngati akufuna moto weniweni akaonane ndi a Lufeyo, kuseri kwa ogulitsa malata. Ananena motsitsa mawu, akuyang'ana kwina.

A Lufeyo anali munthu wochepa thupi, wosakonda kuyankhula, amene ankakonza mawailesi pakathebulo ka miyendo itatu. Sola anali ataika zaka khumi ndi zisanu, koma sanali wovomerezeka. Kuti munthu avomerezedwe ankayenera kusonyeza mapanelo makumi asanu ovomerezeka amene anaikapo, ndipo panelo yovomerezeka amaika ndi wovomerezeka yekha.

"Ndi zingati?" anafunsa Mai Gwedeza.

"Sindingatchule mtengo ndisanaone denga, mayi. Tiyeni kunyumba."

Atafika, a Lufeyo anawerenga kachitsulo kolembedwa kumbuyo kwa makina aja kuti adziwe moto umene amadya. Anakwera padenga, anagogoda malata, anayang'ana mtengo wa mapeyala wa anansi n'kufunsa kumene mthunzi wake umagwera masana. Kenako anang'amba pepala m'kope ndi kulemba chinthu chilichonse pamzere wake: panelo yaikulu imodzi, batire loti lichezere usiku wonse, inveta yosinthira moto wa batire kuti ugwire makina, mawaya, zitsulo zomangira, ndi dzanja lake. Zonse zinakwana 520,000. Pansi analemba kuti chikavuta chilichonse m'zaka ziwiri adzabwera osalipiritsa, n'kuwonjezera maina a nyumba zitatu zoti akafunseko.

"Thandizo lachifumu palibe apa," anatero. "Ndipo ndikuuziranitu, kuti mawa musadzati Lufeyo anandibisira. Panelo imeneyi kuti ifungatire mazira iyenera kuyang'ana kumpoto. Msana wake uloza kumene mukudziwa."

"Nanga mukaiyang'anitsa kwa Mfumu?"

"Ndiye mungogula tochi, mayi. N'zotsika mtengo."

Mai Gwedeza anapita kunyumba zitatu zija. Konse anapeza mababu akuyaka Lachinayi, eni ake atatseka makatani. Anakhala masiku awiri akusinkhasinkha. Kwa Bwana Mthirakuwiri akanapulumutsa 120,000, ndalama yokwana chakudya cha anapiye ndi katemera, ndiponso akanagona tulo ta munthu womvera lamulo. Kwa a Lufeyo akanatsala ndi 80,000, ya mazira basi. Ndipo mantha anali nawo, tisanamizane. Mayi ameneyu chibadwire anali asanafulatirepo ngakhale mlonda wa pageti. Koma nthawi iliyonse akatseka maso ankaona amuna anayi aja pabenchi, n'kudzifunsa kuti mwanapiye woswa theka amaoneka bwanji.

Anasankha a Lufeyo.

Panelo inakwera padenga mwezi wa Juni utangoyamba, inagona mopendekera kumpoto, ndipo makina anayamba kulira kaphokoso kawo kosalekeza. Mai Gwedeza anagula mathireyi khumi a mazira a mbewu kwa mlimi wina wa kunja kwa mzinda, anawabweretsa atawanyamula pamiyendo mu minibasi, akukalipira dalaivala pa bampu iliyonse. Ankawatembenuza katatu patsiku. Tsiku lakhumi anatseka chitseko n'kuwaunika limodzi limodzi ndi tochi, ndipo m'kati anaona timitsempha tofiira ndi kanthu kakuda kakugwedezeka. Anaseka okha m'chipindamo, chinthu chimene anali asanachite chimwalirire amuna awo. Amayi a kumsika anayamba kudzalembetsa anapiye, wina khumi, wina makumi awiri.

Tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chiwiri, cha m'ma teni koloko m'mawa, panyumbapo panaima galimoto ya unduna. Munatuluka Bambo Malizani, woyendera madenga, ndi amuna awiri ovala maovolosi a Dzuwa Lathu Tonse. Bambo Malizani sanali munthu woipa. Anaodira, anavula chipewa, anafunsa ngati mayiwo adzuka bwino. Kenako anakwera padenga, anayang'ana mbendera ya kunyumba yachifumu imene inkaoneka patali, anayang'ana panelo, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Mayi, chinthuchi chafulatira."

"Bambo, tsikani muone kaye."

Anawalowetsa m'chipinda n'kuwaunikira dzira limodzi. Bambo Malizani anasuzumira nthawi yaitali.

"Ii, kakuyendatu," anatero.

"Atsala masiku anayi okha. Ndipatseni masiku anayi, akaswa mudzaitembenuze mmene mungafunire. Mukafuna mudzaigwaditse. Ndikukupemphani, ndalama zanga zonse zili m'mazira amenewa."

Bambo Malizani anatsegula fomu yawo, anaiyang'ana kutsogolo, anaiyang'ana kumbuyo.

"Ndikumva ndithu, mayi. Inenso kwathu tinkaweta nkhuku. Koma fomuyi ili ndi malo awiri okha: yayang'ana, kapena yafulatira. Malo olembapo masiku anayi mulibe."

Amuna a maovolosi aja anamasula zitsulo, anaimiritsa panelo, anaitembenuzira kummwera n'kumanganso. Pa bawuti iliyonse Bambo Malizani anapakapo utoto wofiira wa unduna, n'kufotokoza mwaulemu kuti woswa utotowo amakhala m'ndende zaka zisanu ndi chimodzi. Potsanzika anawafunira mayiwo zabwino zonse pa ulimi wawo.

A Lufeyo anafika masana ali wapansi, manja lendelende. Unduna unali utawalanda bokosi la zida, ndipo makwerero awo anali atatsekeredwa kupolisi ngati umboni. Anayang'ana padenga, anayang'ana manambala a pa inveta.

"Lero batire lichezera," anatero. "Mawa lilandira kamoto kochepa, mwina kofika nako pakati. Mkuja palibe. Ndiloleni ndikwere, mayi. Ndibwereka sipanala."

"Mukwere, akumangeni zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa cha nkhuku zanga? Ana anu ndiwauza chiyani?"

Anayesa zina. Anamasula batire n'kuliika pa wilibala kuti akalitchajitse kwina, koma nyumba zitatu zija nazo zinali zitayenderedwa m'mawa womwewo. A Bizaliyele anapereka moto wa mitu yawo iwiri ndi theka ya tsikulo, anthu a pabenchi osadandaula, koma batire silinamve n'komwe. Ku Khutani, kumene moto unali wosefukira, alonda a pageti anati munthu wokankha wilibala salowa popanda kalata. Magetsi a ufumu nawo sakanathandiza, chifukwa linali Lachisanu.

Amayi oyandikana nawo atamva anabwera ndi mathadzi atatu amene ankafungatira. Thadzi limodzi limakwanitsa mazira khumi ndi awiri, olo ulinyengerere bwanji. Mai Gwedeza anaima patsogolo pa makina kusankha mazira makumi atatu ndi asanu ndi limodzi pakati pa mazana atatu, onse amoyo, onse ofanana. Otsalawo anawafunditsa mabulangete ndi kuwazunguliza mabotolo a madzi otentha. Koma Juni wa ku Thimathima sachita nthabwala. M'mawa wa tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chinayi kaphokoso kaja kanali katasiya, ndipo atagwira dzira linali lozizira ngati mwala wa kumtsinje.

Mathadzi aja anaswa anapiye makumi awiri ndi asanu ndi anayi. Mwamwayi lamulo silinanene kumene thadzi liyenera kuyang'ana.

Patapita sabata ziwiri kunabwera kalata ya chidindo chagolide. Inawayamikira Mai Gwedeza kuti tsopano ndi mmodzi mwa opindula ndi Lamulo la Dzuwa. Popeza panelo yawo inakhazikitsidwa moyenera ndi kampani yovomerezeka, thumba lachifumu linali litapereka madikira 400,000 kwa Dzuwa Lathu Tonse m'dzina lawo. Kalatayo inawaitanira ku Tsiku Lothokoza, ndipo inati wopindula aliyense abweretse pamaso pa Mfumu zoyamba za phindu lake. Kusabwera kunali kusayamika, ndipo kusayamika kunali ndi ndime yakeyake m'malamulo.

Mai Gwedeza anawerenga kalatayo kawiri. Mazira aja anali asanawataye. Tsiku lililonse ankati akumba dzenje, koma akagwira khasu mtima unkakana. Ndiye anachapa chitenje chawo cha kutchalitchi, anasanja mathireyi asanu ndi anayi pa wilibala, n'kuuyamba ulendo. Pageti la nyumba yachifumu anaonetsa kalata, ndipo alonda anatsegula msanga, atagwira mphuno.

Bwalo linali lodzaza. Mfumu Ndinendekha inakhala pampando wake pansi pa ambulera, nduna kumanja ndi kumanzere, wailesi ikuulutsa zonse. Olemekezeka Vomerezani anayankhula maola awiri, n'kunena kuti chiyambire dziko palibe mfumu ina imene inagawapo dzuwa pa theka la mtengo. Kenako opindula anayamba kuitanidwa. Mkazi wa nduna ina anabweretsa mbale ya madzi oundana. A Bizaliyele anabweretsa kasitomala mmodzi, n'kumuimika chammbali kuti Mfumu ione mbali yometedwayo.

"Mai Gwedeza a ku Zolowerani, mlimi wa nkhuku wamakono!"

Mayiwo anakankha wilibala yawo mpaka kutsogolo, anatsitsa mathireyi limodzi limodzi n'kuwandandalika pa kalapeti yofiira, kenako anagwada. Dzuwa linali litawawomba mazirawo ulendo wonse. Nduna za pamzere woyamba zinayamba kupumira m'kamwa, koma palibe imene inasuntha, chifukwa Mfumu inali isananene kuti pakununkha.

"Mazira ambiri chonchi!" inatero Mfumu. "Onsewa ndi a dzuwa langa?"

"Onsewa, Mwinidziko. Mazana awiri ndi makumi asanu ndi limodzi kudza anayi."

"Muli anapiye m'katimu?"

"Alimo, Mwinidziko. Dzira lililonse lili ndi wake. Nthenga anamera, milomo anamera."

"Nanga aswa liti?"

"Saswa, Mwinidziko. Anafa atatsala ndi masiku awiri. Koma musade nkhawa. Ndinaonetsetsa. Onse anafa akuyang'ana kuno."

Panadutsa kamphindi nduna zikuyang'anana, iliyonse ikudikira inzake. Kenako Nduna ya Mwambo, imene inali itangodzuka, inagwedeza mutu mokhutira n'kuyamba kuwomba m'manja. Zinazo zinatsatira, bwalo lonse linatsatira, ng'oma zinalira.

Mai Gwedeza anakhalabe chigwadire pambali pa mathireyi awo, ndipo analira kulira kumene anakubweza kuyambira m'mawa uja makina anasiya phokoso. Analira mokweza, mapewa akugwedezeka, osabisa nkhope. Muulutsi wa wailesi anayandikitsa maikolofoni kuti dziko lonse limve, n'kufotokozera omvera kuti imeneyo ndi misozi yachimwemwe.